Joni ndi maola awiri okha, eti?

Ife a ku Mdeka ndege timangoidziwa ndi phokoso ikamatsikira ku Chileka. Zomwe timadziwa bwino ndi mabasi a ku Joni. Amadutsa pamsewu wathu wa M1 atachoka ku Lirangwe, n'kukawoloka Shire pa Zalewa kulowera ku Mwanza. Achimwene anga anakwera basi ngati imeneyi zaka 7 zapitazo, ndipo chipitireni anali asanabwereko.

Lolemba lina amayi atadwalika kuchipatala, adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ana onse adziwitsidwe. Ndinaimbira achimwene pa WhatsApp. Anati basi yomwe apeze inyamuka Lachitatu ku Park Station. Ulendo wake mukuudziwa: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenaka Mwanza. Malire atatu, mizere yodinditsa mapasipoti, kutsitsa katundu ndi kukwezanso. Zikayenda bwino ndi tsiku ndi theka, zikavuta masiku awiri.

Usiku umenewo, nditakhala pakhonde la wodi, ndinafufuza pafoni. Kuchoka pa bwalo la O.R. Tambo kufika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imauluka maola awiri ndi mphindi zochepa. Ngakhale wotchi susintha, nthawi ya ku Johannesburg ndi yathu yomweyi. Ndinawerenga kawiri. Maola awiri? Nthawi imeneyi ine ndimathera pa ulendo wa ku Limbe minibasi ikachedwa kudzaza.

"Achimwene, kwerani ndege," ndinatero.

Anaseka mowawidwa mtima. "Iwe, ndege ndi ya mabwana. Ukudziwa mtengo wake?"

Ankanena zoona. Tikiti yogula mwadzidzidzi inali yoposa malipiro awo a mwezi wathunthu. Koma anzawo a kumpingo kumeneko anasonkha, abwana awo anawakongoza yotsalayo, ine ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze ya galimoto yokawatenga. Lachiwiri masana ndinaima koyamba m'moyo mwanga mkati mwa bwalo la Chileka, malo amene ndakhala ndikuwadutsa patali chibadwire. Anatuluka ndi kachikwama kamodzi, opanda mabulangete kapena zigubu za mafuta ophikira zomwe a ku Joni amabwera nazo.

Amayi anawazindikira. Anawagwira dzanja n'kufunsa kuti, "Wadya kodi?" Anacheza pang'onopang'ono mpaka mdima. Lachitatu usiku anasiya kuyankhula, ndipo Lachinayi m'mawa anatisiya. Nthawi imeneyo basi ija inali isanafike n'komwe pa Mwanza.

Ngongole ija achimwene akubwezabe mpaka lero, koma sindinawamvepo akudandaula. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti zaka zonse zija tinkati ali kutali kwambiri, chonsecho anali maola awiri kuchoka pakhomo. Chinkatalikitsa ndi ndalama.

Pano tinagwirizana kuti mwezi uliwonse aliyense aziponya kangachepe pa Mpamba, ya tikiti basi, osakhudza. Abambo akadalipo, ndipo akukalamba.