Za Makina Oziziritsa Nyumba Akaleka Ntchito Yake

Mwezi wa Okutobala, umene Eklezia anaupatula kuti ukhale wa Kolona, ndiwonso mwezi umene dzuwa liswa mtengo ndipo nyenje zilira kuyambira m'mamawa. Kuno kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa, ku Ngabu ndi ku Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Anyamata apirira, koma okalamba, odwala ndi makanda afooka msanga, pakuti matupi awo sachedwa kutha madzi. Chifukwa chake, kumene magetsi afika, ana ena ogwira ntchito kutali agulira makolo awo makina oziziritsa nyumba, amene ambiri awatcha eyakoni. Ndiponso ana athu ena, olembedwa ntchito m'zipatala ndi m'nyumba za masisitere, apatsidwa makina otere kuti awasamale. Ndifuna kukuuzani chinthu chimodzi chimene ndachiona ndi maso anga: makina amenewa akaleka kuziziritsa, kawirikawiri sanafe ayi, koma atsamwa ndi fumbi, ndipo munthu wodekha akhoza kuwatsitsimutsa asanataye ndalama.

Tiyambe tadziwa magwiridwe ake a ntchito. Amene anawakonza poyamba monga tiwadziwira lero ndi Willis Carrier, m'chaka cha 1902, pofuna kuthandiza nyumba yosindikizira ya ku Brooklyn, mu New York, kumene chinyezi chinali kufufumitsa mapepala. Makina amenewa salenga kuzizira, koma atuta kutentha kwa m'chipinda nakakutaya kunja. Nonse mudziwa mtsuko wadothi: madzi amene atuluka ngati thukuta pamimba pake, pouma achotsa kutentha, ndipo a m'katimo azizira. Momwemonso m'mapaipi amkuwa a makinawa muyenda gasi, amene pofika m'bokosi la m'nyumba amwa kutentha kwa mpweya. Kenaka kompuresa, imene ili m'bokosi la panja, imufinya, ndipo fani imuuzira kuti kutenthako kutayike. Tsono ntchito yonse yagona pa kuyenda kwa mpweya. Mukatseka njira yake m'nyumba kapena panja, makina alira monga mwa masiku onse, koma kutentha kukhala m'nyumba momwemo.

Bambo anga, amene apitirira zaka 80 ndipo anafa ziwalo mbali imodzi, akhala kwa mlongo wanga pafupi ndi Nchalo. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg anawagulira makina otere, ndipo zaka ziwiri anagona bwino. Chaka chachitatu, pakati pa chilimwe, mpweya unayamba kutuluka wofunda. Bambo analeka kudya, nayamba kusokonezeka mawu masana, thukuta lili kamukamu. Panadza munthu wina woyendayenda ndi botolo la gasi panjinga, ndipo asanatsegule kanthu kalikonse anati kwa mlongo wanga: "Mayi, gasi watha, ndipatseni ndalama ndithiremo wina." Mtengo umene anatchula unali wa matumba angapo a chimanga. Mlongo wanga anayankha mwaulemu kuti: "Pepani bambo, ndiyambe ndafunsa achimwene." Anachita bwino, pakuti safunsa anadya phula.

Ine ndinaphunzira pang'ono za makina kwa Bulazala wina wokalamba amene anali kusamala zipangizo za pamishoni, ndipo lamulo lake linali lakuti uyambe ndi chimene chilibe mtengo, nutsirize ndi chimene chifuna mmisiri. Choyamba ndi rimoti. Onani ngati mabatire ali ndi mphamvu, ndipo ngati chizindikiro chili pa kuziziritsa, chimene chioneka ngati kanyenyezi ka nsonga 6. Pakuti mwana akasewera nayo, aika pa chithunzi cha fani, chimene chingouzira mpweya, kapena pa chithunzi cha dzuwa, chimene chitenthetsa. Chachiwiri ndi magetsi. Onani ngati switchi ya pabokosi la magetsi sinagwe. Makinawa afuna mphamvu ya mavoti 230, ndipo mukaona mababu akuwala mofooka, azimitseni, kuti kompuresa ingapse. Magetsi akathima nabweranso, dikirani mphindi 3 kapena 5 musanayatse. Kwa Bambo ziwirizi zinali bwino.

Chachitatu ndi sefa. Nditazimitsa magetsi ndinatukula chivundikiro cha bokosi la m'nyumba, ndipo taonani, masefa awiri aja anali atavala fumbi lochindikala ngati bulangeti, ndi kuseri kwake mapaipi atakutidwa ndi madzi oundana. Ambiri adabwa poona madzi oundana m'makina osaziziritsa, koma chifukwa chake n'chapafupi: mpweya wofunda ukalephera kudutsa, mapaipi azizira mopitirira, chinyezi chiundana pamenepo, ndipo njira itsekeka kotheratu. Musakokote ndi mpeni, mungaboole paipi. Lekani asungunuke okha, kapena yatsani fani yokha kufikira atatha. Masefa tinawatsuka ndi madzi ndi sopo pang'ono, ndi kuwayanika pamthunzi. M'nyengo ya fumbi ayenera kutsukidwa milungu iwiri iliyonse. Onaninso kapaipi kotulutsa madzi panja, pakuti kakatsekeka ndi matope kapena chisa cha mavu, madzi adontha pakhoma la m'nyumba.

Chachinayi ndi bokosi la panja. Alamu anga, mwa chifundo chawo, analiphimba ndi mphasa ndi mapesi kuti lisapse ndi dzuwa, ndipo nkhuku zinapeza pamenepo pogona. Timalata topyapyala ta kumbuyo kwake tinali titadzaza nthenga, masamba ndi fumbi. Mthunzi ndi wabwino, koma ukhale wa denga lapamwamba, ndipo mbali zonse musiye danga losachepera theka la mita. Tinachotsa zonsezo ndi kutsira madzi mofatsa, magetsi ali chizimire, osakhudza mbali ya mawaya ndi osapinda timalata tija. Chachisanu ndi chipinda chenicheni: zitseko ndi mazenera zikhale zotseka, nsalu itchinge dzuwa, ndipo nyumba yamalata yopanda siling'i idzalemetsa makina ngakhale atsopano.

Titayatsa, patapita mphindi 15 mpweya wotuluka unali wozizira ndithu. Pa makina abwino usiyana ndi wolowa ndi madigiri 8 kapena kuposerapo. Madzulo ake Bambo anamwa phala, napempha Kolona yawo, nati: "Ana inu, lero ndigona." Gasi sanathe konse, ndipo sitinalipire kanthu koma sopo. Indetu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe zilipo zina zimene munthu wosaphunzira asayese, pakuti moyo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo sitiloledwa kuuseweretsa. Mukamva bokosi la panja likung'ung'udza koma fani yosazungulira, kawirikawiri chafa ndi kachitini kotchedwa kapasita, kamene kathandiza injini kudzuka. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kompuresa, koma kasunga mphamvu ya magetsi ngakhale mutazimitsa, ndipo kakhoza kupweteka munthu koopsa. Zimitsani msanga, itanani mmisiri. Chitani chimodzimodzi mukamva fungo la waya wopserera, mukaona switchi ikugwa kawirikawiri, kapena mukapeza kuti makoswe adya mawaya, kapena buluzi wafera m'zipangizo za magetsi.

Za gasi ndinene momveka, pakuti pamenepa ndi pamene osauka aberedwa. Gasi wa makinawa satha ngati parafini m'nyali. Azungulira m'njira yotsekeka zaka ndi zaka. Akachepa, ndiye kuti pena pake pabooka. Zizindikiro zake ndi mafuta onyowetsa polumikizira mapaipi, kaphokoso konga ka mpweya wotuluka m'tayala, ndi madzi oundana pa paipi yaing'ono ya panja ngakhale masefa ali oyera. Mmisiri woona ayeza ndi geji yake, afuna pobookapo ndi thovu la sopo kapena chipangizo china, atseka, achotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu, ndipo pamenepo athira gasi wa mtundu umene walembedwa pabokosi, kaya R-22, R-410A kapena R-32, osasakaniza. Wothira gasi osatseka pobooka afanana ndi wotunga madzi ndi dengu, ndipo adzabweranso mwezi wamawa kudzalandira zina. Inu amisiri achikristu, kumbukirani lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu: kulipiritsa mayi wamasiye ntchito imene makina ake safuna ndi kuba, ngakhale iye apereke ndi manja awiri nathokoza.

Palinso chifukwa china chosatayira gasi ameneyu mumlengalenga. R-22 awononga ozoni, mpweya wa kumwamba umene utitchinjiriza ku ukali wa dzuwa, ndipo mwa pangano la ku Montreal la 1987 ndi zowonjezera zake, maiko anagwirizana kumusiya pang'onopang'ono. Mitundu inayo siwononga ozoni, koma iwonjezera kutentha kwa dziko. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, anatchula kuchuluka kwa makina oziziritsa monga chitsanzo cha chizolowezi chogwiritsa ntchito zinthu mopitirira muyeso. Sanaletse kuthandiza wodwala ayi, koma anatichenjeza za mwanaalirenji. Tsono ikani pa madigiri 24 kapena 25, osati 16. Chipinda sichizizira msanga chifukwa mwaika nambala yotsika, koma makina atopa ndipo magetsi atha. Walira mvula walira matope: wolandira mphatso yotere walandiranso udindo woisamala. Lamulo lachinayi, lolemekeza makolo, silithera pa kutumiza ndalama. Lifikira pa kufunsa ngati masefa atsukidwa.

Ndidziwa kuti ambiri a inu owerenga mulibe makina otere, ndipo ena magetsi sanakufikeni. Musadzione otsalira. Mtengo wa mango pakhomo, denga la udzu, mtsuko pamthunzi ndi nsalu yonyowa pamphumi ndi pakhosi pa wodwala zapulumutsa anthu ambiri. Mwetsani okalamba madzi kawirikawiri, osadikira kuti apemphe, pakuti iwo sachedwa kuuma asanamve ludzu. Ndipo mukaona munthu watentha thupi kwambiri nasokonezeka mutu, muziziritseni ndi madzi ndi kuthamanga naye kuchipatala. Inunso amene muli ndi chipinda chozizira, musachitseke kwa mnansi wodwala kapena mayi wa khanda m'maola a masana, pakuti imeneyo ndi ntchito ya chifundo monga kumwetsa waludzu. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareth, atipempherere kuti manja athu akhale odekha pa ntchito ndi oona pa malipiro, ndipo Amayi Maria asunge odwala athu kufikira mvula yoyamba itagwa.