Tsitsi la malume ndi phiri la Ndirande

Ndili ku Blantyre kuno, ndinabwera kudzasaka ma spare a Yamaha ku Limbe ndipo ndikugona kwa malume ku Ndirande. Dzulo magetsi atazima tinakhala pakhonde n'kuyamba kukangana za Kamuzu mpaka usiku.

Malume ndi a Kamuzu zedi, koma nkhani zomwe amandiuza ndi zoopsa zokhazokha. Akuti popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, basi osakwera. Lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Iwonso akuti anawameta ayufi pagulu. Ndiye ine ndikuti, malume, munthu amene anakumetani mukumusowa chifukwa chani?

Sanandiyankhe. Anangondilozera phiri.

Inu amene simunafikeko kuno, phiri la Ndirande ndi dazi lenileni. Malume akuti ali mnyamata munali nkhalango, ndipo mitengo inatha m'zaka zomwe anthu anasankha nyali pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Aliyense ndi nkhwangwa yake, ukamuletsa akuti ndi ufulu. Boma lija linkameta anthu, koma litachoka anthu anameta phiri.

Kamuzu sankabisa maganizo ake. Kwa iye ufulu unali kudya, kuvala ndi kugona m'nyumba yosadontha. Zinazo unkasiyira iye, iwe n'kugwira ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya. Ine zimenezo ayi, sindizifuna. Post ngati inoyi ikanandigoneka ku Mikuyu. Tsitsi langa ndi langa, pakamwa panga ndi panga, boma lilibe nazo gawo.

Koma phirilo landisowetsa tulo, chifukwa ndikaliona ndikuona nyanja yathu. Chambo chija atate ankabwera nacho chodzadza bwato, lero mumachiona kangati? Maneti a udzudzu amene tinalandira kuchipatala tonse tikudziwa komwe ali. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala timapita usiku, ndipo injini zopita usikuzo wokonza wake ndine. Ndisanamizire kuyera.

Ndinawauza malume za ku Mbenje ku Salima. Kumeneko mfumu Makanjira ndi asodzi eni ake amatseka chilumba nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'ma 1950, Kamuzu asanalamulire n'komwe. Palibe wayufi, palibe khadi, koma utaka ulipo mpaka lero. Malume anati kumeneko anthu amaopa mfumu, ndiye ndi chimodzimodzi. Ine ndinati sizofanana: mfumu ija mumakhala nayo pansi n'kukambirana, ndipo lamulo lake silifika pamutu pako. Sitinagwirizane. Anakagona akung'ung'udza kuti ana a masiku ano timayankha akulu.

Mawa ndikwera basi ya ku Mangochi. Mu chikwama muli ma plug, impeller ndi carburetor ya bwana wina amene ndikudziwa bwino lomwe kuti akufuna injini yake isanathe sabata ino chifukwa chani. Analipira kale theka, ndipo ndalamayo ndi imene ndalipirira fizi ya mlongo wanga. Injiniyo ndikonza. Koma BVC ikaitana msonkhano ulendo uno ndipita, ndipo amene mwakhala mukundiona ndikuthawa misonkhano musandiseke ndikaimika dzanja.