Khasu tinasiya, mbale sitinachepetse



Kuno ku England ukalowa ku Nando's kapena McDonald's, pambali pa mtengo wa chakudya pamakhala nambala ina: makalori ake. Ndi lamulo lomwe linayamba mu Epulo 2022, lokhudza makampani a antchito 250 kapena kuposerapo. Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. A NHS, bungwe la zaumoyo kuno, amati mwamuna amafunika makalori pafupifupi 2,500 patsiku, mkazi 2,000.

Mphamvu zoposa theka zimathera pa ntchito zosaoneka: mtima kugunda, mapapo kupuma, ubongo kuganiza, thupi kufunda, ngakhale uli mtulo. Zina ndiye zoyendera ndi zogwirira ntchito. Zotsala thupi silitaya ayi. Pang'ono limasunga m'chiwindi ndi m'minofu, zambiri limazisandutsa mafuta.

Kwathu sitiwerenga manambala, timawerenga mitanda. Amayi akamakupakulira mbale yodzadza salakwa, chifukwa munthu wolawirira kukaunda mizere, kupopa mjigo kapena kupalasa kabaza tsiku lonse amazimaliza zonsezo. Vuto lili kwa ife. Kuno ndi basi, mpando, kenako sofa, makamaka Disembala pomwe kumada 4 koloko. Koma madzulo nsima timapakula ngati tachokera kudimba. Anzanga a m'maofesi ku Lilongwe ndi Blantyre, musaseke, nkhaniyi ndi yanunso.

Komatu tisanamizire nsima yokha. Galamu imodzi ya sitachi kapena shuga ili ndi makalori 4, ya mafuta 9. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120. Tsono taganizirani chipisi cha pachiwaya chikudontha mafuta mujumbo, mandasi, tiyi wothira shuga mpaka kutsalira pansi pa kapu. Kachitini ka Coca-Cola ka 330ml kali ndi makalori 139, koma sukhuta nako.

Eni dziko kuno nawo manambala sanawapulumutse: akuluakulu pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi onenepa mopitirira. Ife tili ndi zakudya zathu zothandiza: nyemba, masamba ngati nkhwani ndi bonongwe, ufa wosakonola ngati mgaiwa. Zimenezi zimakhalitsa m'mimba, njala siibwera msanga.

Chepetsani mtanda, onjezani masamba, yendani pansi. Ndipo akakuyamikirani kuti "mwanenepa, zikukuyenderani," thokozani, kenako kayezetseni shuga ndi BP.

Inu mukudya mitanda ingati, nanga mumagwira ntchito yanji?