Kalata kwa amalume ku Massangulo: msonkho uli m'malata

Okondedwa amalume,

Kuno ku Johannesburg tilipo, kungoti maganyu a zomangamanga achepa. Ndalama ya malata ndatumiza. Mukakagula ku Mandimba kapena ku Cuamba, muumirire kuti akupatseni lisiti.

Tsiku lija pa foni munati nkhani za bajeti ndi za anthu a ku Maputo, inu msonkho wanu ndi uja amatolera amfumu chaka ndi chaka, ndi katikiti ka pamsika basi. Amalume, mundikhululukire, koma pamenepo sindikugwirizana nanu. Pa lisitilo mukaona zilembo zitatu, IVA. Mukalipira mametikali 11,600, a malata enieni ndi 10,000; 1,600 otsalawo ndi a boma. Msonkhowu unali 17 peresenti, ndipo mu Januwale 2023 anautsitsa kufika pa 16. Aliyense wogula simenti kapena njinga m'sitolo amaupereka, ngakhale asanapondepo ku ofesi ya misonkho.

Nanga ndalamazo zikafika ku Maputo amagawa ndani? Lamulo limati aphungu 250 a Nyumba ya Malamulo ndiwo avomereze. Koma mu 2013 ndi 2014 makampani atatu, Ematum, Proindicus ndi MAM, anakongola madola pafupifupi mabiliyoni awiri, boma n'kulonjeza kuti akalephera lidzabweza ndilo, aphungu osafunsidwa n'komwe. Zonse zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko amene ankathandiza bajeti yathu anaimika thandizo lawo. Metikali inagwa. Inu nomwe mukukumbukira kuti chaka chimenecho ndalama ya fodya inkathera m'manja musanagule ngakhale theka la zofunika pakhomo.

Chimene chimandiwawa kwambiri chinachitika mu Epulo 2017. Boma linabweretsa ku Nyumba ya Malamulo lipoti la momwe linayendetsera chuma mu 2015, ngongole zobisa zija zitalowetsedwamo. Aphungu a Renamo anatuluka. A Frelimo, amene anali ndi mipando 144, analivomereza. Patapita nthawi, mu 2019 ndi 2020, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, Conselho Constitucional, linagamula kuti ngongolezo zinatengedwa mophwanya malamulo. Yemwe anali nduna ya zachuma, a Manuel Chang, anagwidwa konkuno pa bwalo la ndege la OR Tambo mu Disembala 2018, ndipo khoti la ku New York linawapeza olakwa mu 2024. Chimene makhoti anachiona, kodi aphungu athu sanachione? Anachiona ndithu, koma chipani chinali chitanena kale.

Kuno ndinaona zosiyana. Pa zisankho za 2024 chipani cha ANC chinalephera kupeza theka la mipando, choncho chikulamulira mothandizana ndi zipani zina. Mu Febuluwale 2025 nduna ya zachuma, a Enoch Godongwana, inkafuna kukweza msonkho wa VAT kuchoka pa 15 kufika pa 17 peresenti. Anzawo m'boma momwemo anakana, mpaka kuwerenga bajeti kunaimitsidwa tsiku lomwelo. Anakangana miyezi iwiri, nkhani n'kufika kukhoti, mapeto ake VAT inatsala pa 15. Sindikunena kuti kuno n'kumwamba. Ziphuphu ziliko zochititsa manyazi. Koma ndinaphunzira kuti mkangano wa aphungu umatha kusintha mtengo wa buledi.

Kwathu, chichitikireni zisankho za Okutobala 2024, Frelimo ili ndi aphungu 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8. Bajeti ikafika m'nyumbamo, zotsatira zake zimadziwika asanakweze n'komwe manja. Sikuti chilichonse chodutsa mmenemo n'choipa ayi. Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi kwathu ku Massangulo mpaka ku Lichinga unamangidwa ndi ndalama za Banki ya Chitukuko ya Africa ndi dziko la Japan, zina mwa izo ngongole. Imeneyo tibweza osadandaula, chifukwa nyemba zathu zikufika ku Lichinga tsiku lomwelo, ngakhale m'dzinja.

Ndiye poti ku Maputo mawu athu safika msanga, tiyambire pafupi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mumaitanidwa ku misonkhano ya bungwe la alangizi a boma, Conselho Consultivo, ndipo munaona momwe ndalama zobwereketsa za "sete milhões" zoyamba mu 2006 zinkagawidwira, ambiri osabweza. Ulendo uno akuluakulu a boma akamawerenga zimene achite chaka chamawa, muimirire mufunse za chaka chatha: dera lathu la Ngauma analilonjeza zingati, zinafika zingati, ndipo zinagwira ntchito yanji, sukulu iti, mjigo uti. Phungu akabwera kudzacheza, mumufunsenso kuti pa bajeti anavota bwanji, ndipo chifukwa chiyani. Kumeneko si kuderera boma. Wopereka ndalama ali ndi ufulu wofunsa.

Zimene akakuyankheni mundiuze, ndidzawawerengera anzathu a ku Niassa amene timasonkhana nawo Lamlungu. Mupereke moni kwa agogo ndi onse pamudzi.

Ndatha ine mphwanu,
wa ku Joni