Ndalama zinkadulidwa, koma sizinkafika

Bambo anga amasunga mapepala a malipiro awo m'jumbo yakale pansi pa matiresi. Anayendetsa lole ya kampani ina ku Blantyre kwa zaka 9, ndipo mwezi uliwonse pepalalo linkaonetsa kuti adulidwa ndalama ya penshoni. Atasiya ntchito chifukwa cha msana, anapita ku kampani yosunga penshoniyo. Kumeneko anawauza kuti m'thumba mwawo muli ndalama za zaka 3 zoyambirira zokha. Zinazo abwana awo sanatumize.

Usiku umenewo anandipatsa jumbo ija. "Iwe ndiwe wa ku yunivesite, tandiwerengera," anatero. Ndinachita manyazi, chifukwa ndimatha kulemba masamba 10 a mbiri ya atsamunda koma lamulo la penshoni la dziko langa sindinkalidziwa.

Lamuloli silovuta. Kuyambira mu 2011, olemba ntchito m'Malawi amakakamizidwa kuika antchito awo pa penshoni. Wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, bwana amaonjezerapo 10 peresenti, kenako zonse azitumize ku thumba la penshoni. Woyang'anira kuti zimenezi zikutsatidwa ndi Registrar of Financial Institutions, yemwenso ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Bambo akanakhala okha akanangosiya. Amene anawalimbitsa mtima ndi a bungwe la antchito lomwe ankasonkhako mwezi ndi mwezi modandaula. Bungwelo linasonkhanitsa madalaivala ena omwe anali ndi vuto lomwelo n'kukasuma ku Industrial Relations Court. Mlandu ukadali komweko, ndipo tsiku lake lasinthidwa kawiri.

A kampani akuti bizinesi sinkayenda: mafuta ankasowa, ndalama zakunja nazonso. Anzawo a bambo omwe adakali pantchito akuopanso kuti khothi likalamula kulipira zonse nthawi imodzi, kampani itsekedwa. Mantha amenewa ndimawamvetsa. Komabe 5 peresenti ija inali kale ya bambo, inangodutsa m'manja mwa bwana. Ngakhale 10 peresentiyo si chifundo ayi, ndi gawo la malipiro lomwe munthu amalandira atakalamba. Kampani ikagulira dizilo ndalama zimenezi, yabwereka kwa dalaivala wake osamupempha, ndipo chiwongoladzanja chomwe zikanapindula m'thumbamo chimatayika.

Ambirife tikamaliza sukulu tidzavomera ntchito iliyonse yomwe yapezeka, ndipo kufunsa za penshoni uli ndi zaka 24 kumaoneka ngati mwano. Funsani ndithu. Dziwani dzina la kampani yosunga penshoni yanu, ndipo chaka chilichonse muziitanitsa sitetimenti kwa iwowo, osangodalira pepala la malipiro. Ngati kuntchitoko kuli bungwe la antchito, lowani zinthu zisanavute.

Jumbo ija tsopano ndimasunga ndine. Tsiku la mlandu likamayandikira, bambo amandiimbira foni kundikumbutsa kuti mapepalawo asanyowe.