Kalata kwa mphwanga: za mayina oyamba ndi V

Wokondedwa mphwanga,

Uthenga wako ndaulandira. Ukuti iwe ndi mlamu mukufuna kuti mwana amene tikumuyembekezayu adzakhale ndi dzina la Chingerezi loyamba ndi V, ndipo ukufuna kudziwa matanthauzo ake. Wachita bwino kufunsa, poti ambiri amangotola dzina chifukwa likukoma m'khutu. Koma ndilole ndiyambe ndi chilembocho.

M'Chingerezi, V ndi mlendo. Angerezi a zaka 1,000 zapitazo analibe mawu awoawo oyamba ndi liwu limeneli, ndipo likapezeka pakati pa mawu ankalilemba ndi f. Zinthu zinasintha mu 1066, pamene William wa ku Normandy analanda England n'kubwera ndi nduna zake zolankhula Chifalansa. Kuyambira pamenepo Chifalansa chinalamulira kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu, pomwe Chilatini chinali kale m'tchalitchi ndi m'sukulu. Mawu a V analowera m'makomo amenewa. Ukatsegula dikishonale pa chilembochi, ochuluka mwa mawu amene uwapezepo kwawo ndi ku Roma. A Chingerezi chenicheni ndi owerengeka, monga vixen, nkhandwe yaikazi, ndipo nawonso anachokera kummwera kwa England komwe anthu ankatchula f ngati v.

Aromawo analibe U wapadera. V ankagwira ntchito zonse ziwiri, n'chifukwa chake pa miyala yawo yakale dzina la mfumu Augustus linalembedwa kuti AVGVSTVS. Akakhala patsogolo pa mawu ankamveka ngati w wathu. Osindikiza mabuku a Chingerezi anadzasiyanitsa U ndi V mokhazikika m'zaka za m'ma 1600.

Tsopano mayina. Victor, Victoria ndi Vincent ndi ana a mimba imodzi: onse akuchokera ku mneni wa Chilatini wakuti vincere, kugonjetsa. Kwa Aroma, Victoria anali mulungu wamkazi wa chipambano pankhondo. Amene analifalitsa dzinali padziko lonse ndi mfumukazi ya Britain imene inalamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. David Livingstone anatcha mathithi a pa Zambezi dzina la mfumukaziyi mu 1855, John Speke anatero ndi nyanja yaikulu ya kum'mawa kwa Afrika mu 1858, ndipo msewu uja wa mabanki ku Blantyre ukadali Victoria Avenue mpaka lero. Zimandiwawa ndithu kuti mathithiwo anali nalo kale dzina lawo, Mosi-oa-Tunya, utsi umene umagunda, koma ana athu kusukulu amayamba kumva la mfumukazi imene sinapondeko n'komwe. Mlandu umenewo usaukankhire kwa mwana. Victoria ndi Chigonjetso, basi.

Vincent anatifika kudzera m'mpingo. Vincent de Paul, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1660, anathera moyo wake pa amphawi, ana otayidwa ndi akaidi opalasa zombo. Bungwe lodziwika ndi dzina lake linayambitsidwa ku Paris mu 1833 ndi ophunzira a payunivesite, mtsogoleri wawo Frédéric Ozanam. Dzina lonena za kugonjetsa linatchuka chifukwa cha munthu wodyetsa anjala, ndipo ine ndimalikonda pa chifukwa chimenecho.

Veronica ndiye ali ndi mbiri yopotoka. Pa Njira ya Mtanda, malo achisanu ndi chimodzi, timakumbukira mayi amene anapukuta nkhope ya Yesu ndi nsalu. Usavutike kumufufuza m'Baibulo, mulibemo. Nkhani yake ndi ya mwambo wa mpingo. Akale ena ankaphunzitsa kuti dzinali likuchokera ku mawu awiri, vera ndi icon, kutanthauza chithunzi choona, poganizira nkhope imene akuti inatsala pansaluyo. Kufotokozako n'kokoma, koma kunabwera pambuyo. Dzinali ndi Berenike wa Chigiriki cha ku Makedoniya, wobweretsa chipambano, lomwe lija la Bernike amene timamuwerenga mu Machitidwe 25 akumvetsera mlandu wa Paulo. Waona, tabwereranso ku kupambana.

Valentine ndi wamphamvu, wathanzi. Linali dzina la Mkhristu wophedwa ku Roma chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo zachikondi za pa 14 February zinadzaphatikizidwa zaka zoposa 1,000 pambuyo pake, m'masiku a wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer. Vivian ndi wamoyo. Violet ndi duwa. Vanessa alibe muzu wakale: Jonathan Swift, mlembi wa ku Ireland, anangolipanga polumikiza zidutswa za dzina la mnzake Esther Vanhomrigh, ndipo ndakatulo yake yokhala ndi dzinali inasindikizidwa mu 1726. Mabuku amene amati limatanthauza gulugufe atembenuza nkhani, chifukwa agulugufewo ndiwo anapatsidwa dzinali pambuyo.

Pali Vera. M'Chirasha ndi chikhulupiriro, ndipo limafanana ndi mawu a Chilatini onena za choona. Kwathu kuno dzinali lili ndi kulemera kwake. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, anagwidwa mu 1981 pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa. Bambowo anafera m'ndende ku Zomba mu 1992, mayiwo anatuluka mu 1993 napitiriza kumenyera ufulu wa anthu, makamaka akaidi. Mwana akadzafunsa kuti munanditchulira ndani, yankho lidzakhalapo.

Mawu amodzi amene si dzina, koma mudzakumana nawo kusikelo, ndi vaccine, katemera. Muzu wake ndi vacca, ng'ombe yaikazi. Mu 1796 dokotala Edward Jenner anatenga mafinya a nthomba ya ng'ombe padzanja la mayi wokama mkaka n'kutemera mnyamata wa zaka 8, ndipo mnyamatayo sanagwidwe ndi nthomba yakupha ija. Pofika 1980 nthendayo inalengezedwa kuti yatheratu padziko. Khadi la katemera mudzalisunge bwino.

Ngati ukufuna maganizo anga: akabadwa wamkazi, Vera, wamwamuna, Vincent. Ndipo usaiwale kuti kwawo kwa mlamu ku Rumphi aliko Vitumbiko, madalitso, dzina loyamba ndi V lomwelo koma losadzera ku Roma. Ukambirane ndi apongozi ako usanatsimikize, akuluakulu asamve dzina lili kale pa khadi.

Upereke moni kwa mlamu.

Ndine,
Mkulu wako