Chitenje choberekera mwana sindisoka ndisanachigwire

Pakhonde la sitolo pamene ndimasokera, ntchito yambiri ndi madiresi, mayunifomu a sukulu ndi zigamba. Koma mayi woyembekezera akabwera ndi zitenje zoti ndimupindire m'mphepete, ndimayamba ndaimitsa makina. Nsaluyo ndimaifinya m'manja, ndimaikoka uku ndi uku, nthawi zina ndimasolola ulusi umodzi n'kuuyatsa ndi machesi. Thonje lenileni limapsa n'kusiya phulusa lofewa. Ulusi wa poliyesitala umasungunuka, umanunkha pulasitiki, n'kusiya kam'bulu kolimba.

Ena amafunsa kuti, "Atelala, zonsezi n'zachiyani? Si chitenje basi?" Ine ndimati, "Mayi, mwana wanuyo adzadalira nsalu imeneyi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

Nsalu ya thonje ikapisidwa pachifuwa n'kumangidwa mfundo, imagwirana yokha. Yoterera imamasuka pang'onopang'ono. Mayi ali ndi ndowa pamutu amangomva mwana akutsikira m'chiuno, ndiye aime, awerame, amange kachiwiri. Nanga kutentha kwa mwezi wa Okutobala? Thonje limamwa thukuta n'kuuma. Nsalu yoterera ija imalisunga pakati pa msana wa mayi ndi mimba ya mwana, ndipo mawa lake khanda latuluka tizilonda m'khosi. Yovala ku ukwati ndi yabwino ndithu, koma yoberekera ayi.

Makolo athu analibe zitenje. Ankabereka ndi chikopa cha mbuzi kapena cha gwape chofewetsedwa bwino, ena ndi nyanda yosulidwa kuchokera ku khungwa la mombo. Kenako amalonda anafika ndi nsalu, agogo athu n'kuyamba biriwita. Fakitale ya David Whitehead and Sons itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, thonje la ku Chikwawa ndi ku Balaka linayamba kubwerera kumudzi lili chitenje. Lero pamsika zadzaza za ku Tanzania, ku Zambia, ku India ndi ku China, zabwino ndi zosakaniza pamulu umodzi, n'chifukwa chake dzanja liyenera kudziwa.

Azungu anali atazolowera kukankha ana pa tingolo, ndipo luso limeneli anachita kudzaphunziranso. Ann Moore, namwino wa ku America amene anagwirapo ntchito ku Togo, anaona amayi akubereka ana kumbuyo, ndipo atabwerera kwawo anasoka mbereko yotchedwa Snugli imene inalembetsedwa mu 1969. Ku Germany, Erika Hoffmann anayambitsa kampani ya Didymos mu 1972 atayesa nsalu yoberekera ya ku Mexico. Zimandisangalatsa kuti anaona nzeru pa chinthu chimene ena kuno amachiyesa chakumudzi.

Kusoka kwake sikutenga nthawi, koma kumafuna maso. Mamita awiri, osalumikiza pakati, chifukwa msoko wapakati ndi umene umayamba kuthetheka mwana akalemera. Mbali zazitali zimene zinalukidwa kale kufakitale sindizikhudza. Ndimapinda kawiri kumapeto kodulidwa kokha, mpindiro wochepa ndi wosalala, poti wokhuthala umadinda ntchafu za khanda. Ndikatha ndimadula ulusi wonse wolendewera, kuti usakulunge kachala. Mayi ndimamuuza achape kaye, sitachi ichoke, nsalu ifewe.

Zimene ndimasamala kuposa zonse ndi za ana obadwa masiku asanakwane. Njira ya kangaroo, yoika khanda pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inafika pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kamwana kosakwana makilogalamu awiri kamafunda ndi thupi la mayi wake, ndipo chokagwira usana ndi usiku ndi chitenje. Agogo kapena bambo akabwera nacho chotere, ntchito ina yonse ndimaiika pambali, ndipo ngati nsaluyo ndi yoterera ndimawabweza akasinthe ndisanaike singano.